Liwu la hukm ndi matanthauzo ake atatu: zolemba za ntchito ya kabuku ka tafsiri ndi ndale

Sabata yoyamba

Ndayamba ntchito imene gulu lathu lowerenga linandipatsa, yolemba kabuku ka m'Chichewa kofotokoza m'mene omasulira Qur'an a m'zaka za m'ma 1900 anaumbira maganizo a Asilamu ambiri pa nkhani ya boma, malamulo ndi ulamuliro. Gululi ndi la aphunzitsi a madrasa ndi achinyamata angapo amene anamaliza sekondale, ndipo timakumana Loweruka lililonse swala ya Asr ikatha. Pafupifupi onse amawerenga Qur'an m'Chiarabu mosadodoma, koma mabuku a tafsiri, ofotokoza matanthauzo a Qur'an, amene mayina awo amawamva pa wailesi ndi pa WhatsApp sanawatsegulepo, chifukwa ena ali m'Chiurdu, ena ali m'Chiarabu cha olemba nyuzipepala a ku Cairo, ndipo amene anamasuliridwa m'Chingerezi ndi okwera mtengo. Tagwirizana kuti kabukuka kakhale ndi mitu isanu ndi umodzi, ndipo mutu uliwonse ndiziyamba ndauwerenga pamaso pa gulu ndisanautsirize.

Ntchito ya sabata ino inali yosankha ndime zimene kabukuka katsamirepo. Ndinkaganiza kuti mndandanda ukhala wautali, koma ndaona kuti pa ndime 6,236 za m'Qur'an, mkangano wa zaka zoposa 100 wakhala ukuzungulira pa ndime zochepa kwambiri. Pali 4:59 (sura 4, ndime 59), imene ikulamula okhulupirira kumvera Allah, Mtumiki ndi ulul amri, kutanthauza eni udindo pakati pawo. Pali 3:159 ndi 42:38 zimene zikunena za shura, kufunsana maganizo. Pali 12:40 imene ikuti hukm (chiweruzo, lamulo kapena ulamuliro) ndi ya Allah yekha, 5:44 ndi 5:50 zimene zikudzudzula osaweruza ndi zimene Allah wavumbulutsa, komanso 9:31, 13:11 ndi 24:55. Pa tsamba loyamba la kope langa ndalembapo kuti liwu la dawla, limene Aarabu a lero amatchulira boma, mulibe m'Qur'an ndi tanthauzo limenelo. Liwu loyandikana nalo lili mu 59:7 ndipo likunena za chuma, kuti chisamangozungulira pakati pa olemera okhaokha. Choncho aliyense amene anapeza chiphunzitso cha boma m'Qur'an anachita kuchimanga kuchokera ku mawu ena, ndipo chimene ndikufuna kuonetsa owerenga ndi njerwa zimene aliyense anatola ndiponso nyengo imene anazitolera.

Sabata yachitatu

Mutu woyamba, wonena za Tafsir al-Manar, ndaulemba ndipo ndauwerenga pa gulu. Muhammad Abduh, amene anakhala Mufti wa dziko la Egypt mu 1899, ankaphunzitsa tafsiri ku al-Azhar, mzikiti ndi sukulu yaikulu ya Chisilamu ku Cairo, mpaka pamene anamwalira mu 1905 ali mkati mwa sura ya al-Nisa. Wophunzira wake Rashid Rida, wochokera kumudzi wa Qalamun kufupi ndi Tripoli ku Lebanon, ankalemba zimene mphunzitsi wakeyo ankanena n'kumazisindikiza m'magazini yake ya al-Manar imene anaiyambitsa mu 1898. Abduh atamwalira, Rida anapitiriza yekha kwa zaka 30, ndipo imfa inamupeza mu 1935 ali mu sura ya Yusuf, atatulutsa mabuku 12. Ndachedwa pa mfundo yakuti tafsiri imeneyi inabadwira m'magazini. Kale shehe ankalemba tafsiri kulembera mashehe anzake, yodzaza ndi galamala ndi maumboni a akale, pamene iyi inkatuluka mwezi ndi mwezi kupita kwa aphunzitsi, makalaliki ndi maloya a m'dziko limene asilikali a Britain analilanda mu 1882. Wowerenga wotere galamala alibe nayo ntchito kwenikweni, chimene chikumusowetsa tulo ndi chifukwa chimene Asilamu akulamulidwira ndi anthu akunja.

Yankho la Abduh linayambira pa 13:11, ndime imene iye ndi Jamal al-Din al-Afghani anaigwiritsa kale ntchito m'nyuzipepala yawo ya al-Urwa al-Wuthqa ku Paris mu 1884, yakuti Allah sasintha zimene zili pa anthu kufikira iwo eni atasintha zimene zili mwa iwo. Iye anaiwerenga ngati lamulo loyendetsa mbiri ya mitundu ya anthu, losakondera ngati malamulo a chilengedwe, kotero kuti mtundu umene wataya maphunziro ndi chilungamo umagwa ngakhale utakhala wa Asilamu. Komabe masamba ambiri a mutuwu apita pa 4:59. Al-Tabari, amene anamwalira mu 923, anasonkhanitsa maganizo a akale pa ulul amri, ena akuti ndi olamulira ndi atsogoleri a nkhondo, ena akuti ndi ma ulama, akatswiri a maphunziro a chipembedzo, ndipo iye anapendekera kwa olamulira. Mu al-Manar mawuwa akula mpaka kukhala khamu la anthu amene mtundu umawadalira: ma ulama, akuluakulu a asilikali, oweruza, amalonda ndi alimi akuluakulu, atsogoleri a zipani, madokotala, maloya, ngakhalenso akonzi a nyuzipepala. Iwowa akagwirizana pa chinthu chokomera anthu chimene sichikutsutsana ndi mawu omveka a Allah ndi Mtumiki, mtundu uyenera kuwamvera, ndipo wolamulira naye alibe kuchitira mwina. Mkulu wina wa pagulu atamva mndandandawu anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, imeneyotu ndi nyumba ya malamulo, angoiveka mkanjo." Sindinawatsutse, koma m'kabukumo ndalemba mofatsirako, chifukwa Rida ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akungofukula chinthu chimene chinali m'ndimemo kuyambira kale.

Sabata yachinayi

Magetsi anazima masiku atatu ndipo zolemba zanga zili pa kompyuta, choncho ndangowonjezera masamba awiri kumapeto kwa mutu woyamba. Pa 3 Malichi 1924 nyumba ya malamulo ya ku Ankara, ku Turkey, inathetsa ukhalifa, udindo wa mtsogoleri wa Asilamu wolowa m'malo mwa Mtumiki. Rida anali atatulutsa kale buku mu 1923 lonena kuti ukhalifa ndi wofunika m'chipembedzo ndipo uyenera kumangidwanso pa maziko abwino. Mu 1925 woweruza wina wa ku Mansoura ku Egypt, Ali Abd al-Raziq, analemba zosiyana, kuti Qur'an sinalamule mtundu uliwonse wa boma, kuti 4:59 sikunena za khalifa, ndiponso kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale naye, anatumidwa kudzapereka uthenga osati kudzakhala mfumu. Bwalo la ma ulama akuluakulu a al-Azhar linamuchotsa m'gulu la ma ulama, ntchito yake ya uweruzi n'kuthera pomwepo. Buku lakelo si tafsiri ndipo ndinkafuna kulisiya, koma popanda ilo wowerenga sangaone kuti kuchokera pa mkeka umodzi wa Abduh panatuluka njira ziwiri zosemphana. Njira ya Rida inadzera kwa Hasan al-Banna, amene anayambitsa gulu la Ikhwan al-Muslimun (Abale Achisilamu) ku Ismailia ku Egypt mu 1928, ndipo patapita zaka zingapo Rida atamwalira, al-Banna ndiye anayesa kupitiriza kutulutsa al-Manar.

Sabata yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri

Masabata awiriwa apita pa Abul A'la Mawdudi, ndipo pano mpamene ntchitoyi yaonetsa vuto lake lenileni. Mawdudi anabadwira ku Aurangabad ku India mu 1903, anali mtolankhani asanakhale china chilichonse, ndipo anayambitsa Jamaat-e-Islami ku Lahore mu 1941. Tafsiri yake ya m'Chiurdu, Tafhim al-Qur'an, anaiyamba mu 1942 n'kuimaliza mu 1972, m'mabuku asanu ndi limodzi, mbali ina akuilembera m'ndende za ku Pakistan. Koma mfungulo ya tafsiri yonseyo ili m'kabuku kakang'ono kamene analemba koyambirira, konena za mawu anayi a m'Qur'an: ilah (mulungu), rabb (mbuye), ibada (kupembedza) ndi din (chipembedzo). Mfundo yake inali yakuti Aarabu oyamba ankamva kukula kwa mawuwa, koma mibadwo yotsatira inawafinya mpaka anangotsala ndi tanthauzo la mapemphero. Kwa iye rabb ndi mwini amene mawu ake ndi lamulo, ibada ndi kumvera kwa kapolo kwa mbuye wake, ndipo din ndi dongosolo lonse la moyo, loti mawu a masiku ano oyandikira kwambiri kwa ilo ndi boma. Umboni wake wina anautenga pa 12:76, pamene pakunenedwa kuti Yusuf sakanatha kugwira m'bale wake mwa din ya mfumu, ndipo n'zoona kuti pamenepa din singatanthauze china koma malamulo a dziko. Anatsamiranso pa 9:31 ndi hadith ya Adi ibn Hatim, m'mene Mtumiki anafotokoza kuti kutsatira atsogoleri a chipembedzo pamene akuloleza choletsedwa ndi kuletsa chololedwa ndiko kuwasandutsa milungu. Kuchokera apa Mawdudi anafika pa chiphunzitso cha hakimiyya, chakuti mphamvu yopanga malamulo ndi ya Allah yekha, ndipo anthu onse okhulupirira pamodzi ndi makhalifa chabe, oimirira Allah pa dziko, monga anawerengera 24:55.

Nditafika poti ndilembe 12:40 m'Chichewa dzanja langa linaima. Liwu la hukm lingabwere m'chinenero chathu m'njira zitatu. Likhoza kukhala chiweruzo, chimene amagamula a mfumu pabwalo anthu awiri akakangana. Likhoza kukhala lamulo, ndipo likhoza kukhala ulamuliro. Wowerenga Chiarabu amaona liwu limodzi ndipo angathe kuyenda kuchoka pa tanthauzo ili kupita pa linalo osazindikira kuti wasuntha, koma Chichewa sichilola zimenezo, chimakukakamiza kusankha. Mu 12:40 amene akulankhula ndi Yusuf ali m'ndende, akuuza akaidi anzake awiri kuti mayina amene iwo ndi makolo awo amawapembedza alibe kanthu, ndipo ndimeyo ikupitirira kunena kuti Allah walamula kuti asapembedzedwe wina koma Iye. Mu 5:44 nkhani imene omasulira akale amaipereka ndi ya mlandu umene Ayuda a ku Madina anabwera nawo kwa Mtumiki, kotero kuti pamenepo chiweruzo ndiye mawu oyenera. Ndikalemba kuti ulamuliro ndi wa Allah yekha, ndiye kuti ndalowetsa tafsiri ya Mawdudi m'kati mwa ndimeyo osauza wowerenga. Ndikalemba kuti chiweruzo, ndiye kuti ndamutsutsa mwakachetechete asanalankhule n'komwe.

Ndinapita kukaonana ndi shehe wina wachikulire amene anandiphunzitsa Chiarabu ndili mnyamata. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwanawe, usaweruze mlandu m'kumasulira. Liwulo lisiye m'Chiarabu, uwaonetse anthu zitseko zonse zitatu, ndipo unene amene analowera pa chitseko chilichonse." Ndachita zimenezo, ndipo zandikakamiza kubwerera ku mutu woyamba kukasintha malo 14 amene ndinali nditalemba kale kuti ulamuliro osaganizira. Pamene zachitika izi ndazindikira kuti imeneyi ndiyo nkhani ya kabuku konse. Ndale za m'tafsiri za m'zaka za m'ma 1900 sizinalowere pa ndime zatsopano, zinalowera pa kusuntha kwa mawu ochepa kuchoka pabwalo la milandu kupita kunyumba ya boma, ndipo kusunthako kunachitika pa nthawi imene boma lenilenilo linali litasintha, litayamba kulowerera m'sukulu, m'maukwati, m'misonkho ndi m'malo ena onse amene mafumu akale sankafikako.

Ndawonjezeranso ndime ziwiri zoonetsa kuti Mawdudi wa m'mabuku ndi Mawdudi wa m'ndale sankayenda mofanana nthawi zonse. Dongosolo lake analitcha demokalase ya pansi pa Mulungu, chipani chake chinkapikisana nawo pa zisankho, ndipo mu 1965 chinathandiza Fatima Jinnah, mayi, pa mpikisano wa upulezidenti wolimbana ndi Ayub Khan. Nkhani ya Yusuf inamuvutanso, popeza mneneri yemweyo amene ananena mawu a mu 12:40 anapempha udindo woyang'anira nkhokwe za mfumu ya ku Egypt mu 12:55. Mawdudi anayankha kuti Yusuf anapatsidwa mphamvu zonse za dziko, sanali nduna wamba. Ndalemba yankho lakelo mokhulupirika, ngakhale kuti ine silindikhutiritsa, chifukwa sura yomweyo ikupitirizabe kutchula mfumu ndi din yake.

Sabata yachisanu ndi chinayi ndi yakhumi

Mutu wa Sayyid Qutb ndi umene gulu linkaudikira, ndipo ndi umene ndaulemba katatu. Qutb anabadwira kumudzi wa Musha m'chigawo cha Asyut ku Egypt mu 1906 ndipo kwa zaka zambiri ankadziwika ngati wopenda ndakatulo ndi nthano. Buku lake la mu 1945 lonena za luso la zithunzi za m'mawu a Qur'an likuonetsa khutu limene anabwera nalo ku tafsiri, ndipo ngakhale omutsutsa amavomera kuti tafsiri yake ya Fi Zilal al-Qur'an ndi yokoma kuwerenga, moti munthu amamva ngati sura ikuyenda pamaso pake. Anakhala ku America kuyambira 1948 mpaka 1950, analowa Ikhwan atabwerako, ndipo anamangidwa mu 1954 pambuyo pa chiwembu chofuna kupha mtsogoleri wa Egypt, Gamal Abdel Nasser, ku Alexandria. Mbali yaikulu ya tafsiriyo, imene ili ndi magawo 30, anailembera m'ndende, nthawi zambiri ali m'chipatala cha ndende ya Tura chifukwa cha matenda a m'chifuwa. Mu 1957 alonda a ndendeyo anapha akaidi a Ikhwan oposa 20, ndipo ovulala anabweretsedwa m'chipatala chomwecho.

Chimene chandidyera nthawi ndi chakuti Zilal ilipo pawiri. Atamaliza koyamba, Qutb anabwerera kukalembanso magawo 13 oyambirira, ndipo m'kulembanso kumeneku ndi m'mene mawu a hakimiyya ndi jahiliyya (nyengo ya umbuli Chisilamu chisanabwere) anadzaza, atawerenga mabuku a Mawdudi amene anamasuliridwa m'Chiarabu. Sura za al-Ma'ida, al-An'am, al-Anfal ndi al-Tawba zili m'magawo amenewa. Pa 5:50, imene ikufunsa ngati anthu akufuna hukm ya jahiliyya, iye analemba kuti jahiliyya si nyengo imene inatha Mtumiki atabwera, koma ndi mkhalidwe umene umabweranso paliponse pamene anthu akupangira anzawo malamulo. Mawdudi anali atanena zofanana, koma ankakhala m'dziko la Pakistan limene mu 1949 linalemba lokha m'chikalata chotsogolera malamulo ake kuti ulamuliro pa chilengedwe chonse ndi wa Mulungu, choncho anali ndi poyambira kukambirana ndi boma. Qutb analibe poyambira paliponse, ndipo anafika ponena kuti ngakhale maiko amene amadzitcha a Chisilamu ali mu jahiliyya, ndipo kuti pafunika kagulu kotsogola kamene kadzipatule mumtima n'kuyambiranso monga anachitira maswahaba ku Makka. Mitu ina ya buku lake la Ma'alim fi al-Tariq la mu 1964 anaitenga mu Zilal momwemo. Anatulutsidwa chaka chimenecho, anamangidwanso mu 1965, ndipo ananyongedwa pa 29 Ogasiti 1966.

Kulemba kwanga koyamba kwa mutuwu kunathera pa imfa yakeyo, ndipo nditawerenga pa gulu ndinaona nkhope za achinyamata zikuwala m'njira imene inandidetsa nkhawa. Munthu wofera zimene analemba amakhala ndi mphamvu pa wowerenga imene mfundo zake pazokha sizikanakhala nayo. Kulemba kwachiwiri ndinapendekera mbali inayo mpaka mutuwo unaoneka ngati chikalata cha woimba mlandu, ndipo ndinautaya. Kachitatuka ndasiya anthu a m'nyumba yomweyo kuti amuyankhe. M'ndende zomwezo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, munalembedwa buku la Du'at la Qudat, kutanthauza kuti ndife oitanira osati oweruza, limene linatuluka mu 1977 m'dzina la Hasan al-Hudaybi, mtsogoleri wachiwiri wa Ikhwan. Bukulo likuti liwu la hakimiyya mulibe m'Qur'an kapena m'hadith, ndipo kuti munthu amene wanena shahada ndi Msilamu, palibe amene angamuchotse chifukwa cha tchimo kapena chifukwa cha boma limene akukhala pansi pake. Ku India, Wahiduddin Khan anachoka mu Jamaat n'kulemba mu 1963 kuti kumasulira kwa Mawdudi kunaika ndale pamalo pa ubale wa munthu ndi Mbuye wake, ndipo Abul Hasan Ali Nadwi anadzalembanso zofanana, akudabwa kuti zingatheke bwanji kuti Asilamu onse aiwale tanthauzo la mawu anayi a maziko kwa zaka mazanamazana.

Ndaikamonso zakale, chifukwa mkanganowu si wa dzulo. Pambuyo pa nkhondo ya Siffin mu 657, a Khawarij, gulu limene linagalukira khalifa Ali ibn Abi Talib, anakuwa kuti palibe hukm koma ya Allah, ndipo Ali anayankha kuti amenewo ndi mawu oona amene akufunira nawo chabodza. Pa 5:44 mabuku a tafsiri amasunga mawu ochokera kwa Ibn Abbas akuti kumeneko ndi kukanira kochepera kukanira kwenikweni, kosamutulutsa munthu m'Chisilamu. Mutuwu ndautsekera pa nkhani imene sindinathe kuichotsa m'maganizo chiiwerengereni. Mu 1977 gulu la Shukri Mustafa, amene anawerenga Qutb ali m'ndende, linaba ndi kupha Shehe Muhammad Husayn al-Dhahabi, nduna yakale ya za chipembedzo ku Egypt. Al-Dhahabi ameneyu ndi amene analemba al-Tafsir wal-Mufassirun, mbiri ya omasulira Qur'an, buku limene lili pa tebulo langa kuyambira sabata yoyamba. Ndasamala kuti ndisalembe kuti Qutb analamula zimenezi, pakuti anali atamwalira zaka 11 m'mbuyomo ndipo omutsatira ena amakana kuti ankachotsa anthu m'Chisilamu mmodzimmodzi. Chimene ndalemba n'chakuti mawu ake anasiya chitseko chosatseka bwino.

Sabata ya 12

Ndinali ndi maganizo akuti ndende ndiyo imafotokoza zonse, kuti tafsiri yolembedwa m'chitolokosi imatuluka yowawa. Sabata ino maganizowo agwa, ndipo ndang'amba masamba awiri a mawu oyamba amene ndinawamanga pa mfundo imeneyo. Amene wawagwetsa ndi Hamka wa ku Indonesia. Iye anali wa chipani cha Masyumi, anamenyera nkhondo kuti Chisilamu chikhale maziko a boma, ndipo boma la pulezidenti Sukarno linamutsekera kuyambira 1964 mpaka 1966, nthawi yomweyo imene Qutb ankayandikira chingwe. Ali m'manja mwa boma analemba mbali yaikulu ya Tafsir al-Azhar, dzina lochokera ku mzikiti wa ku Jakarta kumene ankaphunzitsa m'mamawa, ndipo ngakhale ankaiwerenga Zilal n'kumaitchula, sanaweruze mtundu wake kuti uli mu jahiliyya. Sukarno atamwalira mu 1970, Hamka ndiye anatsogolera swala ya maliro ake. Ndende imaonetsa funso limene munthu akulimbana nalo, koma yankho limadaliranso maphunziro ake, aphunzitsi ake ndi anthu amene akuyembekezera kubwerera pakati pawo.

Mutu wachinayi tsopano ukuyamba ndi Hamka n'kupita kwa amene anawerenga Qur'an potsata mbiri ya kuvumbulutsidwa kwake. Mahmud Muhammad Taha wa ku Sudan analemba mu 1967 kuti ndime za ku Makka, zonena za ufulu ndi kufanana kwa anthu, ndizo uthenga wokhalitsa, pamene malamulo ena a ku Madina anali oyenera anthu a nthawi imeneyo, zimene zikutembenuza chiphunzitso cha naskh, chakuti ndime yobwera pambuyo imachotsa lamulo la yoyamba, monga ma ulama ambiri amachidziwira. Atatsutsa malamulo a Sharia amene pulezidenti Jaafar Nimeiri anakhazikitsa mu 1983, ananyongedwa ku ndende ya Kober ku Khartoum pa 18 Januwale 1985, ndipo Nimeiri anagwa mu Epulo chaka chomwecho. Fazlur Rahman, amene anachoka ku Pakistan mu 1968 n'kukaphunzitsa ku Chicago, anapereka njira ya maulendo awiri: kubwerera ku nyengo ya ndimeyo kukapeza cholinga chake, kenako kubwera nacho ku nyengo yathu. Gulu lathu linavutika kumulandira Taha kwambiri kuposa Qutb, ndipo mkulu uja wa mkanjo anati sakuona chifukwa chomuikira m'kabuku ka aphunzitsi a madrasa. Ndamusiyamo, chifukwa wowerenga ayenera kuona kuti chingwe chinagwira anthu a mbali zonse ziwiri za mkanganowu, ndipo amene anachikoka anali boma m'malo onse awiri.

Za tafsiri ya Ashia ndalemba tsamba limodzi lokha. Kwa iwo ulul amri a mu 4:59 ndi ma Imam, monga akufotokozera Tabatabai mu al-Mizan ya mabuku 20, ndipo chiphunzitso cha Khomeini cha utsogoleri wa faqih, katswiri wa malamulo a Chisilamu, chimene anachiphunzitsa ku Najaf mu 1970, chinatsamira kwambiri pa hadith kuposa pa tafsiri. Imeneyi ndi nkhani yofuna kabuku kakekake.

Sabata ya 14

Mutu wachisanu, wa Farid Esack ndi gulu la Call of Islam limene linayamba ku South Africa mu 1984, watha msanga, chifukwa funso lawo linali lomveka: kodi Asilamu ochepa angagwirane manja ndi Akhristu, Ahindu ndi osapembedza polimbana ndi tsankho la boma la azungu? Iwo anawerenga 28:5 ndi 4:75, ndime za mustad'afun, oponderezedwa pa dziko, ndipo anaona kuti oponderezedwawo sanasankhidwe potengera chipembedzo. Mwa onse amene ali m'kabukuka, awa ndi amene mkhalidwe wawo ukuyandikira kwathu, pakuti omasulira enawo ankalembera maiko amene Asilamu ndi ochuluka.

Mutu wotsiriza sindinkafuna kuti ukhale wa Malawi, koma funso la mnyamata wina Loweruka lapitali landikakamiza. Iye anafunsa ngati kuvota si shirk, kumphatikiza Allah ndi zina, popeza malamulo a dziko lino amati mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, pamene uthenga umene analandira pa foni ukuti ulamuliro ndi wa Allah yekha. Uthengawo unali 12:40 yomwe ija, yomasuliridwa ndi liwu lachitatu, yopanda dzina la Mawdudi kapena la Qutb, ngati kuti ndi m'mene ndimeyo imanenera yokha. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo kuyambira 1994 mpaka 2004 pulezidenti anali Msilamu, Bakili Muluzi, wosankhidwa ndi mavoti a anthu a zipembedzo zosiyanasiyana pansi pa malamulo omwewo. Sindine mufti ndipo kabukuka sikapereka fatwa, choncho mutuwu ungotenga ndime ya mnyamatayo, kuilemba katatu ndi chiweruzo, lamulo ndi ulamuliro, n'kuika pansi pa iliyonse dzina la amene anaiwerenga motero, chaka chake ndi boma limene ankakhala pansi pake.

Mitu isanu yatha, masamba 71 onse pamodzi, ndipo wachisanu ndi chimodzi uli pakati. Mawu oyamba ayenera kulembedwanso kuchokera pachiyambi. Kwatsalanso kuyerekeza ndime zonse zimene ndazimasulira ndekha ndi matanthauzidwe a Qur'an a m'Chichewa ndi m'Chiyao amene anthu ali nawo kale m'mizikiti, kuti pamene tasiyana ndinene poyera. Shehe wanga uja avomera kuwerenga mutu wa Mawdudi ndi wa Qutb, koma apempha kuti ndiwasindikizire ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa maso ayamba kuwavuta, ndipo ndiwapititsira Lachisanu tikatuluka ku Jumu'ah.